Maenvulopu a Eni Ake

Loko anathyoka pomenya kachitatu. Bambo aang'ono anaika nyundo pansi n'kutukula chivundikiro cha bokosi lachitsulo, limene malemu sankalola munthu kulikhudza. Munali maenvulopu okhaokha, mitolomitolo, omanga ndi ulusi. Onse anali ndi maina a anthu achilendo.

Mwana wamkazi wa malemu, yemwe anali namwino, anasuzumira m'bokosimo. Bambo ake anagwira ntchito yosankha makalata ku positi ofesi zaka makumi atatu, ndipo dzulo lomweli pamanda anthu ankawatama kuti sanasowetsepo ngakhale sitampa. Mayi ake anangokhala pansi osayang'ana pokhala.

Bambo aang'ono anatseka chitseko. Ananong'ona kuti achimwene awo ankaba makalata a eni, ndipo zikamveka kunjaku banja lonse liyenda chozolika. Anati zonse zipse anthu asanabwere kudzapepesa.

"Dikirani kaye, bambo," anatero namwino.

Anasolola envulopu imodzi. Inali yong'ambidwa bwinobwino m'mbali ndi kuyalidwa ngati tsamba. Mkati munali zolemba za bambo ake, timalemba tating'ono topendekeka. Pamwamba panali liwu lachingerezi lakuti post, pansi pake tanthauzo lake: mzati wa mpanda, wandiuza kalipentala. Ina inati malo oimapo mlonda, wandiuza msilikali wopuma. Ina inati udindo wa pantchito. Ina inafotokoza kuti liwu la mzati ndi la makalata sanachokere kumodzi, la makalatalo linabwera ndi akavalo amene ankadikira m'njira kulandizana mauthenga. Liwu limodzi lomwelo, zaka ndi zaka.

"Nanga makalata ake ali kuti?" anafunsa bambo aang'ono, machesi ali kale m'manja.

Namwino anatembenuza envulopu. Pakona panali tsiku, chidindo cha chala chachikulu, ndi mzere umodzi: ndamuwerengera mwini wake titaweruka, kalata watenga, envulopu wandipatsa. Anatembenuza yachiwiri, yachisanu, yakhumi. Pena siginecha, pena chala, koma mzere womwewo.

Mayi anamuuza abwereze. Iwo sukulu sanaione, bokosilo ankangolipukuta fumbi. Atamva kachiwiri anagwira pakamwa. Anati zaka zonsezo mwamuna wawo ankafika mochedwa, akamufunsa n'kungoti ntchito, ndipo iwo anamaliza okha mumtima kuti kuli mkazi wina. Anali atamusankhira kale ndi nkhope yomwe, mkazi wamfupi wogulitsa masitampa, moti anasiya kumupatsa moni.

Bambo aang'ono anabweza machesi m'thumba, akudandaula kuti munthu wamkulu kutha moyo wonse ndi liwu limodzi ngati alibe ana.

Mayi anakokera bokosilo pakati pa miyendo yawo, n'kuyamba kuwongola envulopu yokwinyika ndi chikhatho.

"Funa za chaka chimene unabadwa," anauza mwana wawo. "Mwezi wachisanu ndinamutsekera panja masiku atatu. Ndiwerengere anali ndi ndani."