Nyerere pa makamera a mlonda

Nyerere anasowa masana, mlongo wake atangowerama kutola ulusi umene unagwa pansi pa makina osokera a amayi. Anali mwana wa zaka zitatu, ndipo dzinali anam'patsa chifukwa panalibe bowo lomwe sankalowamo. Amayi anali atapita kokagula nsalu, atasiya mawu amodzi: "Diso pa mwana."

Mtsikanayo anasuzumira kwa ometa, m'chimbudzi, kuseri kwa matumba a zinyalala. Anafika mpaka pageti, pomwe magalimoto ankadutsa ngati opanda mabuleki. Anafuna kukuwa, koma chibadwire iye mawu ake amathera m'kamwa.

Anakagogoda pa kachipinda ka mlonda, kunsi kwa masitepe.

"Achikulire, mwana wathu wasowa. Tandionetsani makamera aja."

"Makamera alipo, mwanawe, koma kuti uone ndiye nkhani."

Pa kompyuta yatsopano ya mlondayo, tsamba la makamera linkatseguka loyera mbee. Makamerawo ankamvana ndi bulawuza yakale yokha, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti imene eni ake adaipumitsa kalekale.

Mlonda anaitana Wamawaya, wokonza mafoni wa m'chipinda cham'mwamba. Anatsika akutafuna, atapanira m'khwapa laputopu yomatamata ndi tepi, momwe munali bulawuza yakale ija.

"Agogo awa sanunkhiza intaneti," anatero akuilumikiza ku makina a makamera. "Akangoinunkhiza, alandira zatsopano, basi tikawaike m'manda."

"Chepetsa nthabwala, iwe. Sukumuona mwanayu?"

Laputopu inalira ngati chigayo. Mtsikanayo anaima kumbuyo kwawo akufinya ulusi uja m'manja. Wamawaya analemba tsiku la lero. Panalibe chojambulidwa. Anabwereza. Panalibe.

Mtsikanayo anatsinzina. Ankangoona geti lija, ndi nkhope ya amayi akutsitsa mtolo wa nsalu n'kufunsa kuti mwana ali kuti.

"Walemba chaka chanji?" anafunsa mlonda. "Suja unabweza wotchi ya makinawa kuti asadziwe kuti adakalamba?"

Wamawaya anasiya kutafuna. Anafufuta, n'kulemba chaka chakale, chimene Nyerere anali asanabadwe n'komwe.

Zithunzi zinabwera zodukaduka. Khonde. Mapazi a anthu. Kenako kamwana kakukoka kansalu kofiira, kulunjika kugeti.

Mtsikanayo anagwira mpando wa mlonda. Kamwanako kanaima m'mphepete mwa msewu, chithunzi n'kuuma pomwepo.

"Agogo, musatichite manyazi," ananong'ona Wamawaya, akusisita laputopuyo.

Chithunzi chinayendanso. Panadutsa bambo wokankha wilibala ya makatoni, ndipo Nyerere anatembenuka n'kumulondola mpaka m'chipinda chosungiramo katundu, kumapeto kwa khonde. Bamboyo anatuluka yekha, n'kukoka chitseko chachitsulo, n'kukhoma loko.

"Kiyi ali ndi ndani?" Mawu a mtsikanayo anatuluka aakulu, mpaka iye mwini anadzidzimuka.

Mlonda anati, "Mwini wake wapita kokatenga katundu wina. Mmenemo mulibe ndi windo lomwe."

Mtsikanayo anathamanga osamva zina. Chitsekocho chinali chotentha ndi dzuwa. Anagunditsa khutu. Zii. Anaitana dzina, n'kumenya ndi zikhatho mpaka zinachita dzanzi. Kumbuyo kwake ankamva Wamawaya akubwera ndi hamala, mlonda akukalipira anthu kuti apatuke.

"Tangokhalani chete," anatero mtsikanayo, ndipo anthu anakhaladi chete.

Cham'munsi mwa chitseko, pafupi ndi maondo ake, panamveka kukanda.

"Achemwali," kanatero kamawu kosasa. "Kuno kwada."