Mphindi Zitatu za Mayi Dikirani

Mukanawafunsa Mayi Dikirani ngati moyo unkakoma kale kapena ukukoma lero, sakanachita kuganiza n'komwe. Kale, basi. Ndipo kale lawolo linali lodziwika bwino: zaka za m'ma 1980, pamene ankagwira ntchito yolumikiza mafoni pa kampani ina yonyamula katundu.

Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa tsiku lonse mawu awo anali omwewomwewo: "Dikirani pang'ono, ndikulumikizeni." Kachipinda kawo kanali kunsi kwa masitepe, kopanda windo, koma nkhani zonse za kampaniyo zinkadutsa m'manja mwawo. Antchito makumi asanu ndi limodzi, malaini otulukira kunja awiri okha. Kagetsi kakayaka pa bolodi la mafoni, iwo ankasolola chingwe, kuchilowetsa pabowo pake, n'kuponya diso pa wotchi yomwe ankaivula n'kuigoneka patebulo. Lamulo linali mphindi zitatu. Zikakwana, ankalowa pa laini ndi mawu aulemu koma ouma gwa: "Pepani, ena akudikira." Ngakhale bwana wamkulu, ndi chimimba chake chonse, anadulidwapo kawiri. Ndipo pa zaka makumi awiri ndi ziwiri zimene anakhala pampando umenewo, sanaimbepo foni yawoyawo olo kamodzi. Laini inali ya anthu.

Tsopano bolodi lija kunalibe, kampani inatsekedwa, amuna awo anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anatsala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndi mipando inayi yomwe itatu ankangoipukuta fumbi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino, ankagwira ntchito kutali kwambiri, koti kupitako n'kukwera ndege. Iyeyo ndiye anawatumizira foni ya m'manja, yosalala ngati galasi, ndipo iwo ankaiika pakansalu koluka pakati pa tebulo, wotchi ija ili pambali pake. Foni yokongola, inde, koma sabata yonse inkangokhala zii.

Inkalira Lamlungu lokha, folo koloko masana. Mayi Dikirani ankakhala atasamba kale, atavala bulauzi yosita, ngati mwanayo aziwaona. Ankafunsa za thanzi, za ntchito, za nyengo, n'kuyankha zawo mwachidule. Ndiyeno diso pa wotchi.

"Chabwino mwana wanga, zakwana. Tisatseke laini."

"Amayi, laini yake iti?"

"Iwe usanditsutse. Ukhale bwino."

Akadula, ankakhalabe pampando pomwepo mpaka dzuwa litachoka pakhoma, akubwereza mumtima mawu alionse amene mwanayo wanena. Ankamusowa koopsa, mpaka chakudya chinkawakanika. Koma kwa iwo, kusunga mwana wotanganidwa pa foni kunali kusaleredwa bwino. Munthu amanena zofunika n'kupatsa mpata ena.

Kenako mafoni aja anayamba kudumpha sabata. Kenako masabata atatu anadutsa osalira n'komwe. Mayi Dikirani ankaitchaja foniyo, kuipukuta, kuiika pafupi ndi windo mwina netiweki ikuvuta. Zoti angathe kuimba iwowo sizinawabwerere m'mutu.

Lachitatu lina anapita kuchipatala kukatenga mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo pabenchi anapezana ndi a Mesenjala. Mkuluyu ankagwira nawo ntchito pa kampani ija, kunyamula makalata panjinga, ndipo dzina la ntchitoyo linamukanirira mpaka imvi. Anali munthu wapakamwa, wokonda kuputa anzake dala.

"Mayi Dikirani! Mukadali ndi moyo? Mukadalirabe kale lanu lija?"

"Ndilekerenji? Kale foni ikalira, munthu ankathamanga. Mawu ankalemera. Lero aliyense ali ndi foni m'thumba koma zolankhula zake ndi mphepo yokhayokha."

"Aaa, inu munkakhala pamthunzi," anatero a Mesenjala. "Ine kale lanulo linandithera mawondo. Mvula, dzuwa, ine panjinga ndi envulopu imodzi. Lero ndimakhala pakhonde, mwana wanga wamkazi amandiimbira, timacheza ola lathunthu."

"Ola! Mumakambirana chiyani ola lonselo?"

"Palibe. Iye amaphika, ine ndimamvera mapoto akugundana. Nthawi zina ndimawodzera, amachita kundidzutsa."

Mayi Dikirani anapukusa mutu monyansidwa. Kutseka laini ola lathunthu kuti umvere mapoto! Koma a Mesenjala anasiya kuseka, n'kuyamba kutembenuzatembenuza kabuku kawo ka kuchipatala. Mwana wawo wamkazi uja ndi wa Mayi Dikirani anakulira limodzi m'nyumba za kampani, ndipo mpaka pano ankalemberana.

"Mundikhululukire, mwina si zanga," anatero motsitsa mawu. "Wanu uja anadandaula kwa wanga. Akuti, amayi anga ndikawaimbira amandiyankha ngati ndikufunsa nambala ya ofesi. Akuti mwina ndimawasokoneza, bola ndiziwapatsa mpata."

Namwino wa pawindo anaitana nambala ya Mayi Dikirani kawiri, iwo osamva. Kuwasokoneza? Kuwasokoneza pa chiyani, poti m'nyumba muja chinkalankhula ndi firiji yokha? Anatenga mankhwala, n'kutuluka osatsanzika, ndipo njira yonse anali kukangana ndi a Mesenjala mumtima. Pofika pakhomo anali atagonja, manyazi atawagwira mpaka m'makutu.

Loweruka anachita chinthu chimene sanachitepo. Anatenga wotchi ija, kuikulunga m'kampango, n'kuitsekera m'dirowa ya kuchipinda. Kenako anang'amba pepala m'kope n'kulemba nkhani zoti adzakambe, poti anadziwa kuti pakamwa pawo panazolowera kufupikitsa. Analemba za mphaka wa aneba amene anaberekera m'bokosi lawo la nsapato. Za denga lomwe linasiya kudontha. Za diresi la buluu lomwe mwanayo anavala tsiku loyamba sukulu, lomwe analipeza m'sutikesi likadali ndi inki pathumba. Zinakwana nkhani zisanu ndi ziwiri. Anaziwerenga mokweza m'nyumba yopanda munthu, n'kudziseka okha.

Lamlungu anasamba, anavala bulauzi yosita, n'kukhala. Folo koloko inadutsa, anaidziwira pa mthunzi wa pakhoma. Anasendeza pepala lija pafupi ndi foni. Kenako foni inalira, ndipo anaitola isanamalize kulira koyamba.

"Amayi, muli bwanji? Pepani ndinasowa, ntchito inachuluka."

"Ndili bwino, mwana wanga, kaya iwe?"

"Ndili bwino. Mankhwala munakatenga?"

"Ndinakatenga Lachitatu."

"Mukugona bwino? Miyendo ija?"

"Yasiya kutupa."

Mafunso ankabwera mwadongosolo, limodzi pambuyo pa linzake, opanda mpata pakati. Mayi Dikirani anayankha onse, chala chili pa mzere woyamba wa pepala lawo, pa mphaka paja. Anakoka mpweya kuti ayambe.

"Chabwino amayi, ndisakuchedwetseni. Mukhale bwino."

Foni inaduka.

Sanafunikire wotchi. Thupi lawo linkadziwa lokha kuti zinali mphindi zitatu ndendende, osapitirira olo pang'ono. Mwanayo sanakwiye, sanadandaule, anangochita zomwe anaphunzitsidwa, ndipo anazichita bwino kuposa ophunzira onse amene Mayi Dikirani anawaphunzitsapo pa bolodi. Zimenezo ndiye zinawapweteka kwambiri. Anayang'ana pepala lija, nkhani zisanu ndi ziwiri zonse zili chikhalire, ndipo misozi inagwera pa mzere wa diresi la buluu.

Panja ana a aneba ankakanganirana mpira, wina ankakhoma msomali, moyo wa anthu ena ukuyenda. Kenako anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi, n'kuitola foni ija. Mayi amene analumikiza mafoni osawerengeka sankadziwa poyambira kuimba yawo. Anadina apa, kunatuluka zithunzi. Anadina apo, kunayaka tochi. "Iwe chinthu iwe, usandichititse manyazi," anaikalipira. Kachitatu anapeza dzina la mwana wawo, n'kulidina.

Inalira kamodzi kokha.

"Amayi! Kwagwanji? Mwagwa? Mukudwala?"

Mantha a m'mawu amenewo anawauza zonse. Kwa mwanayo, amayi ake kuimba foni kunkatanthauza tsoka basi.

"Ayi, palibe chachitika."

"Nanga bwanji mwaimba?"

Mayi Dikirani anayang'ana pepala lija, koma zilembo zinali zitasokonekera. Pa laini panali zii, bata lomwe kale akalimva ankasolola chingwe nthawi yomweyo. Chala chawo chinayamba chokha kusendera pa batani lofiira. Anachibweza, n'kukanikiza dzanjalo pansi pa ntchafu. Kutali uko ankamva madzi akutuluka pampopi, ndi mbale zikugundana.

"Ukutsuka mbale?" anafunsa.

"Eee, amayi."

"Pitiriza, ine ndizimvera. Usadule, mwana wanga. Kuno kulibe wina amene akudikira laini. Ndili ndekha."

Madzi aja anasiya kutuluka. Kenako anamva mpando ukukokedwa, ndi mwana wawo akukhala pansi.