Maola a Ndege ya ku Kanyama

Ndege ya ba Kapambwe inafika ku Kanyama pa thiraki, zidutswazidutswa, ndipo anailumikiza kuseri kwa msika n'kuikhazika pa njerwa. Injini inalibe. M'kati mwake anthu ankamweramo mowa atamanga malamba. Komabe mwini wake ankafuna izisamalidwa ngati ndege zinzake, choncho analemba ntchito Ndaona, mtsikana wamasamu, kuti aziwerengera zowonongeka.

Ndaona anawerengera mosanyinyirika. Chitseko chinkakana kutsekeka Loweruka. Chimbudzi chinkadzaza mwezi ukatha. Phiko lakumanzere linkawerama kukawala dzuwa, chifukwa amayi ankayanikapo mabulangete.

"Ivi vonse niviziba," anatero ba Kapambwe. "Nifuna vamene bachita ku eyapoti. Pa ola imozi youluka, vionongeka vingati?"

"Ba bosi, sinaulukepo," Ndaona anayankha akuyang'ana pansi. "Maola ake ni ziro. Sitingagawe na ziro."

"Iwe, satifiketi yako ni ya chani? Gawa! Ngati pa Chisanu kulibe yankho, nchito yasila."

Ndaona anaganiza zobwerera kukagulitsa tomato ndi azakhali ake olongolola.

Lachinayi masana kunagwa chimvula, ndipo Kanyama anasanduka dziwe monga mwa nthawi zonse. Ndege inagwedezeka, inatsetsereka pa njerwa zija, n'kuyamba kuyandama mumsewu ndi zidakwa zake zonse.

"Ba kondakitala, nisala pa chigayo!" anakuwa mdala wina, ngati wofuna kutsika minibasi.

Ndaona, amene analinso momwemo, anasuzumira pawindo. Matayala sankakhudza pansi. Anadzifunsa ngati pali china chimene ndege imafunika kuchita kuti tinene kuti yauluka, koma sanachipeze. Anayang'ana nthawi pafoni.

Inadutsa saluni, inadutsa ogulitsa makala amene anaibayibitsa atakwera pamatumba, ndipo patatha ola inakakodwa pampanda wa tchalitchi. Chitseko chokha n'chimene chinathothoka panjira.

Ba Kapambwe anafika akupalasa madzi ofika m'chiuno.

"Ba bosi, yankho yapezeka," anatero Ndaona. "Chitseko chimozi pa ola."

Bwanayo anawerenga zala zake, milomo ikugwedera, kenako nkhope inawala.

"Ndiye kuti pa siku tifunika vitseko twente-folo! Waona phindu ya sukulu? Yenda ukauze kalipentala ayambe lelo. Mailo pa Chisanu ubwele m'mawa, nchito ni yambili."