Mamita Mazana Atatu

Fanizo ndi a Leonard ankagwira ntchito yojambula mapu m'bungwe lina lothandiza anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira. Ofesi yawo inali kachipinda kotentha ngati uvuni pa boma la Nsanje, ndipo m'kachipindamo mkangano unali umodzi tsiku ndi tsiku.

A Leonard, bwana wa gawolo, ankalumbirira pulogalamu yogula, ija bungwe linkailipirira laisensi ya madola chaka chilichonse. "Ikavuta ndimaimba foni, munthu amayankha," ankatero. "Mapu ake akatuluka, ngakhale a ku Lilongwe amagwedeza mutu." Fanizo ankagwiritsa ntchito yaulere, yomwe aliyense amangoitenga pa intaneti n'kuiika pa laputopu iliyonse, ngakhale yakeyo yomata ndi selotepu. Ankanyoza kuti yogulayo imatsegukira pa kompyuta imodzi yokha, ndipo laisensi ikatha imasanduka njinga yopanda tcheni. A Leonard ankabweza kuti yaulereyo ikauma pakati pa ntchito, ukadandaulira ndani, mphepo?

Kunena mosapsatira, mapulogalamu onse awiri ankagwira ntchito bwinobwino. Matenda anali mwa amuna awiriwo.

Mu Okutobala kunabwera ntchito yomwe inamukhudza Fanizo pamtima. Mabanja makumi atatu ndi asanu ndi atatu a kwa Mlolo, amene madzi anawagwetsera nyumba mu Malichi, anali akukhalabe m'matenti. Pakati pawo panali a Augustino, atsibweni ake a Fanizo, amene anamulera mayi ake atamwalira, ndipo tsopano ankalera ana a mlongo wake wa Fanizo. Anthuwa ankafunika malo a kumtunda mvula isanayambe. Patapita miyezi yopempha, mkulu wina wa kwa Malemia, a Feston, anavomera kupereka malo a banja lawo m'munsi mwa phiri.

A Feston anabwera okha ku ofesi. Fanizo ndi a Leonard anawayalira mapu akale a boma, a pepala lofiirira, ndipo iwo analozapo ndi chala.

"Pali misitu iwiri apa," anatero. "Wakummwerawu dulani, mupezemo mitengo yomangira. Wakumpotowu ndi manda athu. Ngakhale kansatsi musathyolemo."

Atangotuluka a Feston, a Leonard anapinda manja a malaya. "Lero tione. Aliyense ajambule ndi yake, amene ayambe kutha ndiye mwamuna."

Fanizo anasekerera. Analowetsa mapu akalewo mu laputopu, n'kuyamba kulemba malire. Ali mkati, kabokosi kanatulukira pa sikirini. Kankanena kuti mapu akalewo anayezedwa ndi muyezo wina, wosiyana ndi umene makina a GPS a masiku ano amagwiritsa ntchito, ndipo kankafunsa kuti asankhe njira yogwirizanitsira miyezo iwiriyo. Fanizo ankadziwa bwino lomwe kuti funso limeneli si lolumpha. Koma kumbuyo kwake ankamva zala za a Leonard zikuthamanga. Anakatseka kabokosiko osakawerenga mpaka kumapeto. A Leonard nawonso pulogalamu yawo ya madola inawafunsa funso lomwelo, ndipo nawonso analitaya ngati ntchentche yatera pa tiyi.

Anamaliza pafupifupi nthawi imodzi. Atasanjikiza mapu awiriwo pa windo, mizere inagwirizana ndendende. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, anagwirana chanza. Sanadziwe kuti agwirizana pa cholakwa chimodzi, chomwe chinakankhira malo onsewo mamita pafupifupi mazana atatu kumpoto.

Lachisanu m'mawa lole inatsitsa amuna ndi amayi a kwa Mlolo m'munsi mwa phiri, ndi nkhwangwa, makasu ndi mitolo ya katundu. A Feston ndi anthu awo anali kumadimba, kumtsinje. Fanizo anatsogola ndi GPS m'manja, akukhoma zikhomo pomwe kamakinako kanena. Zikhomo zinazungulira msitu wa mitengo ikuluikulu.

A Augustino anaima, nkhwangwa ili paphewa, n'kuyang'ana m'mwamba.

"Fanizo, mwanawe, nkhabe, ayi ndithu. Dera lonseli anthu anameta ndi makala. Nanga mitengo iyi anaisiyiranji?"

"Atsibweni, mapulogalamu awiri agwirizana. Wogula ndi waulere. Malo ndi ano."

"Ngati sukulu yako yatero, pyadidi, chabwino," anayankha mkuluyo, ndipo analavulira m'manja.

Nkhwangwa zinalira. Anthu amene agona m'tenti miyezi isanu ndi iwiri sadula mtengo mwaulesi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mitengo isanu ndi umodzi inali pansi. Wachisanu ndi chiwiri unali mtondo waukulu, umene a Augustino anaugwetsa okha. Unagwera m'kati mwa msitu n'kuphwasula zitsamba, ndipo pomwe unatsegulapo panaoneka mitumbira. Pa wina panali mbale yoboola ndi mphika wosweka. Thunthu la mtengowo linali litaswa mtanda wathabwa pakati, n'kumira m'dothi la mtumbira womwe unali usanamere udzu wambiri.

Kenako mayi wina wa kwa Malemia, amene ankachokera ku mjigo, anaponya chidebe pansi n'kukuwa mfuu imene Fanizo sadzaiiwala.

Sipanatenge nthawi. Anthu anabwera kuchokera m'mudzi, ena kuchokera kumadimba matope ali m'miyendo, atanyamula zikwanje, mipini ndi miyala. A Leonard, amene anabwera nawo pa galimoto la bungwe, anangoti akaitane apolisi, n'kulowa m'galimoto, fumbi kobo. Fanizo anatsala ataimika manja m'mwamba, kamakina kake kali kudzanja.

"Dikirani, abale! Tafotokoze! Ndi mapu..."

Mwala unamupeza pakamwa. Anamva mano awiri akusweka, magazi n'kudzaza m'kamwa. Asanagwe, mpini unamumenya m'nthiti, wina pamsana. Munthu wina anamulanda GPS ija n'kuiswera pamutu pake pomwe. Ali pansi anaona miyendo yokhayokha, ndi mitolo ya anthu a kwa Mlolo ikuyaka, mabulangete, mapoto, mbewu ya mapira imene amayi anasunga chaka chonse. Mwamuna wina wa kwa Mlolo anazunguza nkhwangwa kudziteteza n'kutema mnyamata wa m'mudzimo paphewa, ndipo apa ndi pomwe zinthu zinafika poipa. Amayi ankathawa ndi ana kumsana, miyala ikuwatsatira.

Kenako gulu linapatuka, a Feston n'kudutsa pakati. Sanayang'ane munthu. Analowa mumsitu, anaima pa mtumbira wophwanyika uja, ndipo atatuluka nkhope yawo inali ya munthu wina.

"Mkazi wanga," anatero ndi mawu otsika. "Chaka sichinathe. Ndinakuuza ndi pakamwa pangapa, iwe mwana. Ndinakulozera ndi chala."

Fanizo anayesa kuyankha koma m'kamwa munangotuluka magazi. Anaona chikwanje cha a Feston chikukwera.

A Augustino anadzigwetsa pamwamba pake, dzanja lamanja lili m'mwamba.

"Mtengo ndadula ndine! Temani ine!"

Chikwanje chinali chitanyamuka kale. Chinatera pachikhatho, ndipo Fanizo anamva kulira kwake ngati kwa nzimbe ikamadulidwa. Magazi otentha anamuthira kumaso. Atsibweni ake sanakuwe. Anangobuula kamodzi, n'kumulemera pachifuwa.

A Feston anayang'ana zala zitatu zili m'fumbi, anayang'ana chikwanje chawo, n'kuchiponya kutali. Anakhala pansi pomwepo, manja kumutu, n'kuyamba kulira mokweza ngati maliro achitika lero. Apolisi atafika anapeza anthu atabalalika, utsi ukufuka, ndi amuna atatu ali pansi.

Patatha masiku anayi, Fanizo anadzikoka kupita ku ofesi, nthiti zili zomanga. Anapeza a Leonard akulemba lipoti lakuti ngoziyo yachitika chifukwa chodalira pulogalamu yaulere. Fanizo sanakangane nawo. Anangowapempha kuti atsegule mapu awo omwe, ayankhe funso lija moyenera. Atayankha, mizere yonse inatsetserekera kummwera, n'kukakhala pa msitu umene a Feston ananena. Anachita chimodzimodzi pa laputopu yake, ndipo mizere inatsetsereka mofanana. A Leonard anafufuta lipotilo. Kuyambira tsiku limenelo mkangano wa mapulogalamu sunamvekenso m'chipindamo, koma phindu lake linali lotani?

A Feston anatumiza uthenga kuti malo aja sakuperekanso. Nkhani inali itafika kale m'midzi yonse ya m'mphepete mwa phiri, ndipo palibe amene ankafuna kulandira anthu odula mitengo ya kumanda. Mabanja aja anayamba kubwerera kwa Mlolo, kukazika mitengo pa mabwinja awo akale.

Fanizo anapita kuchipatala madzulo a tsiku lomwe a Augustino ankatulutsidwa. Anawapeza atakhala pakhonde, dzanja lokulungidwa lili pamwendo, akuyang'ana mitambo yakuda imene inkasonkhana chakum'mawa. Manyazi anamugwira mpaka analephera kuwayang'ana kumaso.

"Atsibweni, makina sananame," anatero movutika, milomo ili yotupa. "Anandifunsa funso, ine sindinayankhe. Ndinkathamangira kupambana a Leonard. Ndine ndakupundulani."

Mkuluyo anayang'ana dzanja lake lokulungidwa.

"Ndamva," anatero. "Khasu ndiphunzira kugwira ndi lamanzere. Koma pali chimodzi undithandize, poti makina akowo ukuti sanama. Mawa ndikupita kwathu. Undionere pa mapu akowo malo amodzi kwa Mlolo, ngakhale kachulu, pomwe madzi safika. Ndikamange pamenepo, ana a mlongo wako akagone."

Mapu amenewo Fanizo anawajambula yekha mu Epulo, mosamala, funso lililonse atayankha. Ankawadziwa pamtima. Mudzi wonse wa atsibweni ake, kuyambira kumtsinje mpaka kutchalitchi, unali wopakidwa mtundu wa madzi.

"Nanga malowo ali pati?" anafunsa a Augustino.

"Palibe, atsibweni," anayankha Fanizo. "Palibe ngakhale pamodzi."