Bedi la Regina ndi nkhwangwa ya Gilson

Maluwa a pamanda a Gilson anali asanafote pamene lole ya mkulu wake, Ezekiel, inaima pakhomo ku Kabwata. Abale amene sanabweretsepo ngakhale lalanje munthu akudwala, tsikuli anali ndi mphamvu zonyamula sitovu. Anatulutsa mipando, wailesi, mapoto, mpaka makatani. Tcheyamani wa chipani anangoima poteropo manja ali m'thumba, akuti za m'banja sizimkhudza.

Regina, mkazi wa malemuyo, anapempha chinthu chimodzi chokha: bedi. Analigula ndi thukuta lake lokazinga zitumbuwa pamsika, ndipo chiyambire maliro ana ankagona naye pamenepo.

"Bedi iyenda ku Chelstone, mulamu," anatero Ezekiel, kutanthauza kunyumba kwake. "Sankhani chinangu. Ise sindise oipa mtima."

Anamulozera zimene zinatsala pakhonde: beseni lobooka, tsache, ndi nkhwangwa ziwiri. Manyazi analibe bambo ameneyu, ndi jekete la mng'ono wake anali atavala kale! Regina anapsa mtima, koma anagwada nayamba kusankha mofatsa.

Nkhwangwa ya m'sitolo, yopaka utoto wofiira, anangoinyamula n'kuiponya. Inali yopepuka ngati chipande, mpini wake ukugwedera. Inayo inali yakuda, imene Gilson anasulitsa ku sipulingi ya lole, yolemera ndiponso yonenepa kumsana, yoti ikalowa m'chipika imaching'amba yokha. Anaipapasa ndi chala kukamwa kwake, namenyetsa mpini pasimenti kuti chitsulo chikhazikike.

"Natenga iyi."

"Ba Regina, muzagonela nkhwangwa?" anaseka mkazi wa Ezekiel.

Bedi linali litatsamira lole, kudikira chingwe. Regina anapita molunjika. Atatema koyamba, thabwa la mlombwa linang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anatemanso, mwendo n'kuthothoka. Amuna onse aja, odziwa kulanda mapoto, sanapezeke wolimba mtima n'kumuyandikira.

"Mwafunta, mulamu!" anakuwa Ezekiel ali kuseri kwa lole.

"Mwakamba mweka ati nisankhe. Malasha yadula, bana bafunika kudya."

Lole inapita ndi zake, tcheyamani n'kuzemba osatsanzika. Ana anayamba kutola zidutswa zoti akaphikire m'malo mwa makala. Regina anatsala ndi thabwa lakumutu, pamene panada ndi mafuta a tsitsi la Gilson. Analiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, mtima ukumuwawa koopsa. Kenako analiimika bwino pansi, naliwaza pakati.