Mizere Yofiira pa Pepala la Mayi a Simbi

Ndimaphunzitsa Chingerezi antchito a pahotela, m'kachipinda kopanda zenera komwe kale ankasungiramo mipando yothyoka. Makalasi ndi atatu: la oyamba, la pakati ndi lapamwamba. Wogawa anthu m'makalasimo si ine ayi, ndi mkulu wa maphunziro, amene tonse timawatchula a Chofiira akatembenuka.

Njira yawo ndi imodzi, ndipo amainyadira ngati anachita kuilota. Munthu alembe za tsiku lake la ntchito, iwo adule mzere wofiira pansi pa cholakwa chilichonse, kenako awerenge mizereyo. Ikachepera isanu, wapamwamba. Ikapitirira khumi, bwerera kwa oyamba. Zoti munthuyo wanena chiyani pa pepalapo, alibe nazo ntchito.

Koma aliyense amene anagwirapo choko amadziwa kuti woyamba kumene salakwitsa zambiri. Amalemba mawu atatu n'kuima. Wolakwitsa kwambiri ndi uja wayamba kulimba mtima, amene akufuna kunena kuti "ndikanadziwa", "ngakhale zinali choncho", "munthu amene ndinamuona dzulo uja". Mwana amene sanayambe kuyenda sagwa. Izi ndinawauza a Chofiira kangapo konse, koma kunali kuthira madzi pamsana pa bakha.

M'kalasi langa la pakati munali Mayi a Simbi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akhala akusita nsalu za pabedi kuchipinda chapansi, mpaka nthunzi inawalowa m'chifuwa. Adokotala anawauza mosabisa kuti achokeko kunthunziko. Mwamwayi pamalo olandirira alendo panapezeka mpata wa munthu mmodzi, koma lamulo linali lakuti oyesedwa akhale a kalasi lapamwamba okha.

Mayiwo Chingerezi sankachiopa. Ankachigwira pakhosi n'kuchikoka mpaka chinene zimene iwo akufuna. Pa mayeso analemba masamba awiri, nkhani ya mlendo amene anasiya mphete yaukwati m'chovala cha pilo, mmene iwo anaipezera ikutentha pansi pa simbi, ndi mmene bamboyo analirira pomwe ankaganiza kuti banja lake latha. Ndinaiwerenga ndili chiimire, ndinaseka, mwina ndinagwetsanso msozi. Mizere yofiira inali makumi awiri ndi itatu.

Adalaivala a basi ya hotela analemba ziganizo zisanu ndi zitatu. Ndimadzuka. Ndimasamba. Ndimayendetsa basi. Basi ndi yoyera. Mzere wofiira umodzi, ndipo anakwera kalasi lapamwamba.

Ndinalowa mu ofesi ya a Chofiira osagogoda, mapepala awiriwo ali m'manja.

"Bambo, mwawerenga izi kapena mwangozipenta?"

"Khalani pansi, aphunzitsi."

"Sindikhala. Mundiuze, mlendo akabwera atataya chikwama, amuthandize ndani? Uyu wa basi yoyerayu?"

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, pang'onopang'ono, kundipsetsa mtima dala. "Manambala sakondera. Ndikayamba kumvera nkhani zokoma, mawa aliyense abwera ndi m'bale wake."

"Si m'bale wanga. Ndi munthu amene chifuwa chikumuthera pansi apo, inu muli pano pa mphepo yozizira. Ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame."

"Miyambi ku kalasi kwanu," anatero. "Pakatha masabata atatu kuli mayeso obwereza. Abwere ndi mizere yochepera isanu, ndisaina."

Ndinatuluka. Ndipo apa ndiye pamene mkwiyo unandipusitsa. Ndinati chabwino, akufuna pepala loyera, ndiwapatsa pepala loyera mpaka liwatobole m'maso.

Tsiku lotsatira, nthawi ya nkhomaliro, ndinawaitana Mayi a Simbi. Anabwera manja ali ofiira, akutsokomola m'kansalu.

"Mayi, kuyambira lero chiganizo chisapitirire mawu asanu. Mukamva 'chifukwa' akubwera, tsekani pakamwa. Mukafuna kunena za dzulo, nenani ngati za lero."

"Nanga nkhaniyo ikoma bwanji, aphunzitsi?"

"Sitikufuna kukoma, tikufuna siginecha."

"Inu ndi amene mukudziwa," anatero.

Masabata atatu ndinawadula mapiko mayi aja. Akayamba chiganizo chachitali, ndinkagogoda tebulo ndi chala. Akayambanso, gogo. Sabata yoyamba ankaseka n'kumati ndasanduka wapolisi wa pamsewu. Sabata yachiwiri anasiya kuseka. Pofika yachitatu, chala changa chisanafike n'komwe pa tebulo, iwo anali ataima kale, maso ali pa ine. Ine n'kumadziyamikira kuti ntchito ikuyenda, chitsiru ine.

Pa mayeso obwereza anapeza mizere iwiri. A Chofiira anasaina, n'kundiuza akumwetulira kuti, "Mwaona? Akafuna amatha."

Lachisanu lake abwana a kolandirira alendo anabwera okha m'kachipinda kathu kudzayesa anthu anayi. Ndi mayi wachangu, wosakonda mapepala. Anakankhira mafayilo onse pambali n'kunena kuti, "Izi ndaziona. Ine ndikufuna kumva munthu akuyankhula. Ndikhala mlendo wokwiya, inu mundiziziritse mtima."

Apa ndiye pabwalo pa Mayi a Simbi, munthu woti angakambe ndi mwala mpaka useke.

Adalaivala anayamba, anatuluka thukuta, anakhala pansi. Atsikana awiri a kodyera anayesako bwino. Kenako inafika nthawi ya mayiwo. Anali atavala bulauzi yoyera yosita mwakuti ikanakucheka chala.

Abwana aja anayamba m'Chingerezi, mokweza mawu: chipinda chawo sichinakonzedwe, akhala akudikira ola lathunthu, ndipo mwana wawo akudwala.

Ndinaona yankho likubwera pankhope pa Mayi a Simbi, lonse lathunthu. Anatsegula pakamwa, ananena mawu anayi, kenako anatembenuka kuyang'ana dzanja langa. Dzanjalo linali phee pa bondo. Koma anaima.

"Pepani, mayi," anatero m'Chingerezi. "Chipinda chikubwera."

"Chikubwera liti? Nanga mwana wangayu ndimugoneke pati?"

"Pepani. Dikirani pang'ono."

"Ndadikira kale. Mundiuza chiyani china?"

Anandiyang'ananso. Ndinkafuna kukuwa kuti yankhulani mayi, lakwitsani, gwetsani Chingerezi chonsecho pansi bola mwanayo apeze pogona. Koma a Chofiira anali pakhomo, manja kumbuyo, ndipo ine ndinangokhala ngati chitsa.

"Pepani," anatero kachitatu.

Abwanawo anapumira m'mwamba n'kubwerera ku chiyankhulo chathu. "Mayi, Chingerezi chanu n'choyera, koma ndinu amanyazi. Pakauntala pamafunika munthu wokamba, ngakhale azilakwitsa. Alendo sadandaula ndi zolakwitsa, amadandaula ndi munthu wosowa chonena." Anasankha mmodzi wa atsikana a kodyera aja, amene poyankhula analakwitsa pafupifupi chiganizo chilichonse koma anamupezera mwana wodwalayo sofa ndi bulangete.

Anthu anatuluka. A Chofiira anadutsa pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Mbali yathu tinachita." Ndikanatsegula pakamwa bwenzi ntchito itandithera pomwepo. Komanso mkwiyo wanga unali utasowa kolowera. Iwo anangodula mizere pa pepala, wogogoda tebulo ndinali ine.

Mayi a Simbi anatsala akupinda kansalu kawo kotsokomolera, kawiri, kanayi, mosamala ngati nsalu ya mlendo. Belu la kuchipinda chochapira linalira pansi.

"Aphunzitsi," anatero, "ndinalakwitsa kangati?"

"Simunalakwitse ngakhale kamodzi, mayi."

Anagwedeza mutu, anavala epuloni pamwamba pa bulauzi yoyera ija, n'kutsika masitepe.