Maso a Mwanahalima pa Sikirini

Ndinamuuza Hussen tsiku loyamba lomwe kuti maso a mayi ake sali bwino. Sanandimvere.

Hussen ndi mdzukulu wanga, wobadwa kwa mwana wanga woyamba, Mwanahalima. Amasamalira maluwa ku Constantia, kuno ku Joni, koma mtima wake uli pa kujambula zithunzi. Ine anandiitanitsa kuno ku Wallacedene kuti ndidzalere khanda lawo, poti mkazi wake Faridah amalawirira kuntchito ku Claremont. Pa Idi anapita kumudzi ku Machinga ndi kamera yake, n'kukhalako masiku atatu okha. Atabwera anayatsa kompyuta m'kanyumba kathu kamalata kuti ndione abale.

Chinatuluka chithunzi cha Mwanahalima ali pakhonde, atavala mpango woyera. Ndinamugwira mkono Hussen.

"Imika pomwepo. Kulitsa masowo."

Poyera pa diso panali chikasu.

"Anganga, ndi sikirini iyi," anatero akuseka. "Ndinagula yakale. Taonani, mpangowo ukuoneka wachikasu, khoma la mzikiti nalonso. Chilichonse imachipaka chikasu."

"Iwe amako unawaona?"

"Ndinawaona. Ankaphika, ankaseka."

"Unawaona ndi maso, kapena unkasuzumira m'kabowo ka kamerako?"

Anangokanda m'mutu. Tinaimba foni kumudzi. Mwanahalima anayankha ndi mawu opepuka: "Ndili bwino, Amama, kungotopa ndi alendo a Idi." Mtima wanga sunakhale pansi. Kwathu wodwala sauza munthu wa ku Joni, kuopa kuti angasiye ntchito n'kukwera basi. Ndine ndemwe ndinamuphunzitsa zimenezo, bambo ake ali kumigodi.

"Auze amalume ako apite naye kuchipatala," ndinatero.

"Ndiopseze mudzi wonse chifukwa cha sikirini yowola? Ndikonze kaye mitundu, tione zoona zake."

Ndiye anayamba kusankha. Akuti pali kachipangizo kamene amakapachika pa sikirini, n'kuiphunzitsa kuti choyera chizikhala choyera. Katsopano mtengo wake unali malipiro ake a masabata awiri. Anagwira pakamwa. Anapeza munthu pa intaneti wogulitsa kakale motchipa, woti akakumane naye pa renki ya matakisi.

"Usapite," ndinamuuza. "Munthu wosamudziwa mudzi wake sukumana naye uli ndi ndalama m'thumba. Adzakubaya, ife tidzamvera kwa apolisi."

Pamenepo pokha anandimvera, koma osati chifukwa cha mpeni. Mnzake Eric, wojambula maukwati, anamuuza kuti tizipangizo takale timakalamba m'kati, nato timayamba kunama. Ndiye anagula kakhadi kotuwa, n'kumakagundika pa sikirini, akutembenuza mabatani ndi kuyerekeza ndi maso. Mmawa, dzuwa likalowera pakhomo, ankati zatheka. Madzulo ankatukwana, akuti zasanduka zobiriwira.

Ine tsiku lililonse ndinkamukumbutsa. Ndinkamuuzanso kuti asasiye kamera pawindo, malata awa ali ndi maso. Kuti nthambo zamagetsi zachuluka pakhoma, tidzapsera m'nyumba. Mwina machenjezo anga anachuluka, mpaka lenilenilo linamira mwa anzake. Faridah ankati, "Anganga, inu mumaopa ngakhale ketulo."

Masabata atatu anatha chonchi. Ndinaimbanso kawiri. Kachiwiri Mwanahalima sanayankhe yekha, amene anayankha anati ali kudimba.

Potsiriza Faridah ndiye anapeza sitolo ya zithunzi ku Claremont imene imabwereketsa kachipangizoko kwa tsiku limodzi, pa mtengo wa nkhuku. Anabwera nako Loweruka masana. Kanali kakuda, ngati chule wa mchira wautali. Hussen anatseka chitseko, n'kupachika bulangete pawindo kuti dzuwa lisasokoneze. Anakalendeweretsa pa sikirini. Nyumba inayamba kuphethira: kufiira, kubiriwira, mtambo, kuyera. Ndinafunditsa khanda chitenje kumaso.

"Zatha," anatero. "Tsopano muona, Anganga."

Anatsegula chithunzi chija. Khoma la mzikiti linayera. Mpango unayera mbee, ngati wongochapa kumene. Anakulitsa nkhope.

Maso anali achikasu, kuposa poyamba, poti tsopano panalibenso china chowabisa.

Hussen anatenga foni n'kuimba kumudzi. Anayankha ndi Said, mwana wanga wamwamuna, mlongo wake wa Mwanahalima.

"Amalume, amayi ali kuti?"

"Tili kuchipatala kuyambira Lachitatu," anatero Said, mawu ali pansi. "Mimba yatupa. Akuti chiwindi. Adokotala akufunsa kuti tinali kuti masiku onsewa."

"Bwanji osatiuza?"

"Anatilumbiritsa. Anati mwana wangopita kumene, musamubweze."

Mwanahalima anatisiya Lolemba m'mawa. Anamuika tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, monga mwa Chisilamu chathu. Basi yopita kwathu imayenda masiku atatu. Sindinamusambitse mwana wanga, sindinamuveke nsanda. Kaya akanachira tikanafulumira, adziwa ndi Mulungu. Hussen sanandifunse, ine sindinamuuze.

Kachipangizoko Faridah anakabweza Lolemba lomwelo, poti Lamulungu sitolo inali yotseka, kuopa chindapusa.

Patapita masiku, Hussen anati akufuna kukatsukitsa chithunzi chija, tichipachike. Anakhala patsogolo pa sikirini n'kuchitsegula. Kenaka anatembenuka.

"Anganga, ndingathe kuchichotsa chikasucho. Ndi kungodina apa. Maso ayera ngati kale."

Ndinayang'ana mwana wanga. Ankamwetulira, atapendeketsa mutu, monga ankachitira ali wamng'ono akabisa bala.

"Chotsa dzanja pamenepo," ndinatero. "Pakamwa pake panatinamiza. Maso okhawa ndiwo anatiuza. Asiye."